Mwana wa ku Japan akabwera kudzaphunzira Chingerezi m'nyumba mwanu

Mwezi wa Ogasiti ukamayandikira, chipinda chimene mwana wathu woyamba anasiya atapita ku koleji timachisesa, kuchapa makatani, n'kuyikamo tebulo lowerengera ndi nyali yake. Mumadzagona wophunzira wa ku yunivesite ina ya ku Japan amene wabwera kuno ku Edinburgh kudzaphunzira Chingerezi ndi kuona chikhalidwe cha kuno kwa masabata atatu kapena anayi. Amayi anzanga a ku Malawi amene timapemphera limodzi akhala akundifunsa kuti zimayenda bwanji, kodi muli ndalama, nanga ana amenewa amadya chiyani. Ena amandifunsa ali ku Manchester, ku Leeds ndi ku Brighton, kumenenso sukulu za Chingerezi zimasakasaka mabanja olandira ophunzira. Ndiye ndati ndingolemba pamodzi zimene ndaona.

Yambani mwamudziwa mwana akubwerayo. Ku Japan chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo. Mayeso a chigawo choyamba amatha chakumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo tchuthi cha ku yunivesite chimafika mpaka mu Seputembala. N'chifukwa chake amafika nthawi imeneyi, ana a ku Italy ndi ku Spain amene amadzaza sukuluzi mu Julayi atayamba kubwerera kwawo. Gulu lina limabwera mu Febuluwale ndi Malichi, pa tchuthi chawo china chachitali. Ambiri amakhala a chaka choyamba kapena chachiwiri, a zaka 18 mpaka 20, chifukwa akalowa chaka chachitatu mtima wonse umakhala pa kusaka ntchito, zimene ku Japan zimayamba munthu asanamalize sukulu. Yunivesite yawo ndi imene imapangana ndi sukulu ya kuno, ndipo nthawi zambiri maphunziro a masabata ochepawa amawerengedwa pa digiri yawo, choncho akabwerera amakalemba lipoti. Kwa ochuluka uwu ndi ulendo woyamba kutuluka m'dziko mwawo. Musadabwe nazo, Ajapanizi amene ali ndi pasipoti sakwana mmodzi pa anthu asanu aliwonse.

Ife timangoti Japan ndi dziko lolemera, koma ulendowu umawapweteka m'thumba. Mu Julayi 2024 paundi imodzi inkagulidwa ndi ma yen opitirira 200, moti kapu ya khofi ya pa Princes Street ankayamba aiwerengera kaye pa foni asanagule. Ndege nazo kuyambira 2022 sizidutsa mumlengalenga mwa Russia, ndiye kuchoka ku Tokyo kufika ku London ndi maola pafupifupi 14, mtengo wa tikiti n'kukweranso. Ena amalandirako thandizo la JASSO, bungwe la ku Japan lothandiza ophunzira, koma mtsikana wina wa ku Nagoya anandiuza kuti anagwira ganyu ya usiku m'kagolosale chaka chathunthu kuti aphatikize pa zimene makolo ake anamupatsa. Munthu wotero sanabwere kudzangogona m'chipinda chanu. Wabwera kudzayankhula.

Ndiye vuto lili pomwepo, sayankhula.

Masiku oyamba mudzaganiza kuti sadziwa Chingerezi n'komwe. Si choncho ayi. Waphunzira zaka zisanu ndi chimodzi ku sekondale, ena anayambira ku pulayimale, ndipo kuyambira 2020 Chingerezi ndi phunziro lokhazikika kuyambira kalasi yachisanu. Mukamupatsa pepala alembe, galamala yake ingakuchititseni manyazi. Mayeso amene makampani a kwawo amayang'ana kwambiri, a TOEIC, amene malikisi ake amathera pa 990, ndi omvetsera ndi kuwerenga basi, munthu atha kukhoza bwino asanatsegule pakamwa. Chimene chimamumanga lilime ndi mantha olakwitsa pamaso pa anthu. Amayamba wamanga chiganizo chonse m'mutu, kuchiyang'ana ngati chili bwino, ndipo akamati achitulutse inu mwapita kale pa nkhani ina.

Ku sukulu nakonso sikuti amayankhula kwambiri monga mmene makolo ake amaganizira. M'mawa amakhala m'kalasi maola atatu, masana amapita kukaona malo: Edinburgh Castle, National Museum of Scotland kumene kulowa n'kwaulere, kukwera phiri la Arthur's Seat, Loweruka lina basi yopita ku Highlands. Zabwino ndithu. Koma ngati yunivesite yawo inapempha kalasi ya okhaokha, mwanayo amakhala tsiku lonse ndi anzake omwe anachoka nawo ku Japan, ndipo mphunzitsi akangotuluka onse amabwerera ku Chijapanizi. Ine maganizo anga ndi oti kalasi yosakaniza mayiko ndi yabwino kwambiri ngakhale imawaopsa, ndipo wophunzira akandilembera asanabwere ndimamuuza kuti afunse ngati angalowe yoteroyo. Kupanda apo, Chingerezi chenicheni cha tsikulo chimene angayankhule ndi cha pa chakudya chamadzulo, m'nyumba mwanu. Ntchito imene akukulipirani ndi imeneyo, kuposa bedi ndi buledi.

Mnyamata wina wa ku Fukuoka, wamtali, wa magalasi, sabata yonse yoyamba ankakhala pa tebulo msana uli chilili, foni ili pamiyendo pansi pa tebulo. Ndikamufunsa ngati wakhuta, "Yes." Ngati akufuna kuwonjezera, "Yes." Ngati ndiwo zawawa tsabola, "Yes," akumwetulira, maso akuchucha misozi. Bambo a kunyumba ndi amene anaona kuti mafunso athu onse anali oyankhika ndi liwu limodzi. Anati, "Mayi, musamamufunse kuti wasangalala lero. Muzimufunsa kuti wakwera basi iti, wakhala mbali iti, waona chiyani pa windo." Ndipo anawaletsa ana kumumalizira ziganizo. Akaima pakati kufuna liwu, tonse chete, kudikira. Kudikirako kumavuta, makamaka kwa ife Amalawi amene timaona ngati chete pamaso pa mlendo ndi mwano. Koma ku Japan kukhala chete pang'ono usanayankhe si chinthu chachilendo, ndiye amene amavutika ndi chetecho ndi inu, osati iye. Mukapirira, chiganizo chimatuluka chathunthu.

Chinandithandiza kwambiri ndi kukhitchini. Pa tebulo aliyense amamuyang'ana nkhope, koma pa sinki mumaima moyandikana, maso ali pa anyezi. Ndinkamupatsa mpeni ndi thabwa kuti adule tomato, ine ndikuvundula nsima. Mawu amabwera okha: ndidule bwanji, mafuta ali kuti, moto ndichepetse. Tsiku lina ndinamupempha kuti Lamlungu atiphikire za kwawo. Anapita yekha ku shopu ya zakudya za ku Asia, kufunsa yekha, kubwera ndi kabichi, ufa watirigu ndi botolo la sosi, n'kutiphikira okonomiyaki, chitumbuwa chachikulu cha kabichi chokazinga m'chiwaya. Pofotokoza mmene tizichitembenuzira anayankhula mphindi zambiri osayang'ana foni, chifukwa pa nkhani imeneyo katswiri anali iyeyo, ife ndife ophunzira. Kuyambira pamenepo wophunzira aliyense ndimamupatsa chinthu choti atiphunzitse. Wina anaphunzitsa mwana wathu wamng'ono kupinda mapepala kukhala mbalame, wina kulemba dzina lake m'zilembo za katakana. Mwanayo ankawaitana kuti asisi, iwonso ankayankha.

Nkhani imene amayi anzanga amaopa kufunsa poyera ndi iyi: kodi mwana wa ku Japan akapeza kuti banja lomulandira ndi la anthu akuda, ochokera ku Africa, sakhumudwa? Ndinene mosabisa, ena amadabwa. Zithunzi za m'mabuku otsatsa maulendowa zimaonetsa gogo wachizungu ndi tiyi m'dimba la maluwa. Mtsikana wina atalandira pepala lofotokoza banja lathu, makolo ake anapempha sukulu kuti imupezere banja lina, ndipo sukuluyo inavomera mosavuta. Zinandiwawa, ndipo ndinawauza a ku ofesi kuti zandiwawa. Komabe ndimakonda kuti adziwiretu. Pepala lathu limanena poyera kuti tinachokera ku Malawi, lili ndi chithunzi cha banja lonse, ndipo ndimalembera wophunzira kalata yaifupi asananyamuke. Amene wafika pakhomo panga amakhala atasankha kubwera, ndiye tsiku loyamba silikhala la manyazi.

Ndipo musadzichepetse chifukwa Chingerezi chanu si cha kuno. Mwanayu akakwera basi ya Lothian, dalaivala akamuyankha m'kayankhulidwe ka ku Scotland, amatsika asanamve kalikonse. Ife timayankhula momasula mawu, liwu lililonse lomveka, ndipo ophunzira angapo andiuza kuti ine amandimva bwino kuposa anthu a mumsewu. Komanso ife Chingerezi tinachita kuphunzira. Ndikukumbukira kusukulu kwathu munthu ukagwidwa ukuyankhula Chichewa unkalandira chibalo, ndiye mantha oyankhula chinenero cha eni ukudziwa kuti ulakwitsa ndimawadziwa. Ngakhale zovuta za lilime n'zofanana: iwo amasokoneza "l" ndi "r" monga ife, ndipo amawonjezera mavawelo kumapeto kwa mawu a Chingerezi monga timachitira kwathu. Ndikawauza zimenezi amaseka, phewa n'kutsika. Chimodzi chokha, mlendo akakhalapo m'nyumba muziyankhula Chingerezi. Sukulu zovomerezeka zimafuna zimenezo, komanso mwana wa eni akamva mukuseka m'Chichewa amaganiza kuti mukuseka iye. Ife Chichewa timayankhula kuchipinda.

Ambiri sadziwa kumene kuli Malawi, koma nkhani zocheza sizisowa. Ndimawauza kuti achinyamata a ku Japan ongodzipereka, otumizidwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, akhala akubwera ku Malawi kuyambira 1971, kudzaphunzitsa masamu ndi sayansi ndi kugwira ntchito m'zipatala. Bambo a kunyumba amawauza za magalimoto akale a ku Japan amene adzaza misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ma minibasi ena akadali ndi zilembo za Chijapanizi m'mbali. Tinamuonetsa mnyamata uja chithunzi cha minibasi ina, anawerenga n'kuseka mpaka kugwira pamimba, akuti inali ya sukulu ya mkaka.

Za chakudya ndinkada nazo nkhawa pachabe. Sukulu imafuna kuti muwapatse cham'mawa ndi chamadzulo, ndipo Loweruka ndi Lamlungu nthawi zina chamasananso. Ine ndimasakaniza: za kuno masiku ena, chifukwa anabwera kudzaona za kuno, za kwathu masiku ena. Nsima ndimayamba kuwapatsa mtanda waung'ono, ndi supuni pambali kuti asankhe okha, ndipo ambiri pofika sabata yachiwiri amakhala akusamba m'manja. Chimene chinandidabwitsa ndi therere. Anzathu a ku Scotland amalithawa chifukwa cha kunanda, koma Ajapanizi therere amalidya kwawo, ndipo zakudya zonanda amazikonda. Usipa ndi matemba nazonso sizachilendo, kwawo ali ndi tinsomba touma tomwe amapangira msuzi. Zimene zimawalemera m'mimba ndi zamafuta ambiri, tchizi tsiku ndi tsiku, ndi mbale yodzaza mpaka m'mphepete. Anaphunzitsidwa kuti kusiya chakudya ndi mwano, ndiye mukawapakulira mwa Chimalawi adzadzikakamiza mpaka kudwala. Ikani mbale pakati adzipakulire. Mpunga amausowa msanga. Wawo ndi waufupi, womata, ndipo basmati samuwerengera kwenikweni. Ndimagula kathumba ka mpunga waufupiwo, koma tsiku lina ndinaphika Kilombero wa ku Karonga, amene amapezeka kuno ku Scotland m'mashopu a malonda achilungamo, ndipo mtsikana wina anatuluka m'chipinda kutsata fungo.

Tsiku lofika amakupatsani mphatso yokutidwa bwino kwambiri, kawirikawiri maswiti kapena mabisiketi a m'dera la kwawo. Landirani ndi manja awiri, monga kwathu. Nsapato amavula pakhomo osauzidwa. Koma pali tinthu ta m'nyumba timene muyenera kuwaonetsa ndi manja, osangonena pakamwa, chifukwa adzati amva pamene sanamve.

Bafa ndiye loyamba. Ku Japan chipinda chosambira chonse chimanyowa, pansi pali potulukira madzi, munthu amasamba panja pa bafa kenako n'kulowa m'madzi otentha kukangokhala. Kuno mukatero madzi amadontha kudenga la chipinda chapansi. Lowani naye, muonetseni kuti katani ikhale mkati, chingwe choyatsira shawa ndi ichi, fani ndi iyi. Muuzeninso mphindi zosamba, chifukwa amasamba usiku uliwonse ndipo amachedwa, pamene bilu ya gasi mukuidziwa nokha. Sakwiya mukawauza, chimene chimawasautsa ndi kusadziwa lamulo. Ine ndinalemba malamulo a m'nyumba pa pepala limodzi, m'Chingerezi chosavuta, ndipo amawerenga bwinobwino n'kusunga onse.

Magetsi a ku Japan ndi a 100 volts, a kuno 230. Chaja ya foni ndi ya laputopu sizivuta, zimangofuna adaputa ya mapini atatu, koma chowumitsira tsitsi chochokera kwawo chikhoza kupsa nthawi yomweyo. Ndinagula changa chotchipa n'kusiya m'chipindamo. Zochapa, kwawo ambiri amachapa pafupipafupi, pamene kuno mwambo ndi kamodzi pa sabata. Atsikana amachita manyazi kukupatsani zovala zamkati, ndiye ndimawaonetsa makina kuti azichapa okha pa tsiku lawo. Zinyalala, mtsikana wina anasunga mabotolo ndi mapepala a maswiti m'sutikesi masiku angapo chifukwa sankadziwa kuti bini yake ndi iti ndipo ankaopa kutaya polakwika.

Kuzizira musakuiwale. Amachoka ku Japan kukutentha kopitirira madigiri 30, n'kufika kuno kumene Ogasiti masana nthawi zambiri safika pa 20, ndi kamvula kowaza. Amabwera ndi timalaya topyapyala ndipo sadzakuuzani kuti akuzizidwa. Ikani bulangete lowonjezera pa bedi asanapemphe. Nthawi nayo ndi yosiyana ndi maola 8 m'chilimwe, ndiye masiku oyamba amadzuka m'bandakucha n'kumawodzera pa chakudya chamadzulo, pamene kunja kukadali kowala mpaka cha m'ma 9 koloko. Akadwala amabisa kuti asakuvutitseni. Muziyang'ana mbale ndi nkhope. Onse amabwera ndi inshuwalansi ya ulendo, ndipo ndimapempha kuona pepala lake tsiku loyamba. Muwalembere manambala: 999 pa ngozi, 111 pa matenda osafika pa ngozi, chifukwa m'mutu mwawo muli 110 ndi 119 za kwawo. Ku Edinburgh kulinso ofesi ya kazembe wamng'ono wa Japan ngati pasipoti itatayika.

Ogasiti kuno ndi mwezi wa Festival Fringe, chikondwerero chachikulu cha zisudzo, ndipo msewu wa Royal Mile umadzaza moti kuyenda n'kokankhana. Ana amenewa anazolowera kusiya foni pa tebulo la mu cafe kuti asunge malo n'kupita kukagula, chifukwa kwawo chinthu chotayika nthawi zambiri chimabwerera kwa mwini wake. Muwachenjeze mobwereza. Kwawonso mowa amaloledwa pa zaka 20, kuno pa 18, ndiye ena amalawa koyamba ali kuno ndi anzawo. Sindiwaletsa, ndi akuluakulu, koma timapangana nthawi yofika pakhomo ndi kuti anditumizire uthenga akachedwa. Iwo amagwiritsa ntchito pulogalamu ya mauthenga ya LINE, ambiri alibe WhatsApp, ndiye tsiku loyamba lomwelo timakhala pansi kuyika imodzi mwa ziwirizi ndi kuyesa ngati uthenga ukufika. Mawa lake ndimakwera nawo basi mpaka ku sukulu, kuwaonetsa poyikira khadi ndi batani loimitsira. Msewu sawoloka molakwika, popeza ku Japan nakonso magalimoto amayenda kumanzere.

Tsopano za mapepala ndi ndalama. Gwirani ntchito ndi sukulu yovomerezedwa ndi British Council kudzera mu Accreditation UK, kapena ndi nthambi ya Chingerezi ya yunivesite. Adzabwera kudzaona nyumba. Amafuna satifiketi ya gasi ya chaka chimenecho, ma alamu a utsi ogwira ntchito, chipinda chokhala ndi bedi labwino, posungira zovala ndi powerengera, zofunda zosinthidwa sabata iliyonse. Salola ophunzira opitirira anayi m'nyumba imodzi, ndipo sayika awiri a chinenero chimodzi pokhapokha atapempha okha. Ngati mudzalandiranso osakwana zaka 18, amakufufuzani mbiri ku polisi, kuno ku Scotland kudzera ku Disclosure Scotland, ku England ndi DBS. Nyumba ikakhala ya lendi pemphani chilolezo kwa mwini wake polemba, ndipo dziwitsani a inshuwalansi ya nyumba. Wophunzirayo safuna viza pa maphunziro osapitirira miyezi isanu ndi umodzi, koma kuyambira Januwale 2025 Ajapanizi ayenera kukhala ndi ETA, chilolezo cha pa intaneti cholowera ku UK, asanakwere ndege, ndiye m'kalata yanga ija ndimamukumbutsa.

Malipiro amawerengera pa usiku kapena pa sabata, ndipo amasiyana malinga ndi mzinda ndi kutalika kwa nyumba yanu kuchoka ku sukulu. Pansi pa ndondomeko ya boma ya msonkho yotchedwa Rent a Room Scheme, ndalama zofika £7,500 pa chaka zochokera kwa wogona m'nyumba imene mukukhalamo sizidulidwa msonkho, ndipo ngati mukugawana ndalamazo anthu awiri aliyense malire ake ndi theka. Mukachotsa chakudya, gasi ndi magetsi, zotsala zimathandiza, ife zimatilipirira yunifolomu ndi nsapato za ana sukulu ikamatsegulira pakati pa Ogasiti. Koma ngati nonse mumagwira mashifiti a madzulo moti mwanayo azidzadya yekha za mu microwave, ndikukupemphani musalembetse. Sadzadandaula kwa inu, adzangolemba pa fomu ya kumapeto, ndipo sukulu sidzakutumiziraninso wina.

Sabata yomaliza muyang'ane sutikesi. Amagula mphatso za anzawo a m'kalasi, a kuganyu, aphunzitsi ndi abale onse, ndiye mabokosi a shortbread ndi tiyi amaunjikana pakona. Ndege zambiri malire a chikwama chimodzi ndi makilogalamu 23, choncho sikelo ya kubafa timaitulutsa kusanatsale tsiku limodzi, kuti zolemera zina alowetse m'chikwama cha m'manja kapena atumize pa positi. Amene akufuna kulandira gulu la mu Febuluwale alembetse chaka chisanathe, chifukwa kuyendera nyumba ndi mapepala zimatenga nthawi. La mu Ogasiti sukulu zimayamba kugawa mabanja miyezi ingapo lisanafike.